Chaka Chimene Tinagoneka Munda

Khasu la mayi lilibe mpini. Ndi chitsulo chokha, chakuda, chodyeka mbali imodzi, ndipo chimakhala pansi pa bedi langa chitakulungidwa m'chitenje chakale. Anzanga akandifunsa kuti ndimasungiranji chinthu chadzimbiri m'chipinda cha lendi momwe mulibe ngakhale duwa la m'chitini, ndimawauza kuti sizikuwakhudza. Ndilibe nthawi yofotokozera aliyense. Ndilemba kamodzi kokha pano.

Chitsulocho chinachokera ku Ntcheu m'sutikesi, pakati pa zovala zanga, chaka chimene ine ndi mayi tinabwera ku America. Ndinali ndisanayambe sukulu. Anatiitanitsa ndi amalume, mchimwene wawo wa mayi, omwe ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wa dziko lina ku Washington. Ankakhala ku Lanham ndi akazi awo ndi ana atatu. Ife anatipatsa chipinda cha pansi pa nyumba, besimenti, pafupi ndi makina ochapira zovala. Zenera linali limodzi, laling'ono, m'mwamba, ndipo tinkangoonera matayala a galimoto ndi miyendo ya anthu. Anati mayi abwera kudzathandiza kulera ana kwa kanthawi. Mapasipoti athu anawatsekera m'kabati ya kuchipinda kwawo, ati kuopa kuti angatayike. Kanthawi kaja kanakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ankaphika, kuchapa, kukolopa, kusambitsa ana, kusita malaya oyera a amalume. Malipiro panalibe. Amalume ankati mlongo wako sungamulipire ngati wantchito, n'kumunyoza kumeneko. Mayi ankangoti, "Inde achimwene."

Chinthu chimodzi chokha chinali chawo. Kuseri kwa tchalitchi ina ya m'deralo kunali malo otchingidwa ndi waya, ogawidwa timinda ting'onoting'ono, komwe anthu opanda malo olima ankapatsidwa kachigawo. Kamunda ka mayi sikankaposa chipinda chathu. Anakapeza chaka choyamba chomwecho, anthu asanayambe kulimbirana malowo. Pofika nthawi ndikunenayi, odikira kuti wina achoke anali ambiri. Mpini wa khasu anasema ndi amalume, ku nthambi ya mtengo yomwe inagwa ndi mphepo. Ndinene zoona, anausema bwino. Anawotcha msuka, kansonga ka khasu kolowa mu mpini, pa mbaula yowotchera nyama, n'kubowola nawo mtengowo, utsi uli tolotolo, akuimba nyimbo ya kwawo. Tsiku limenelo ndinkawakonda.

Ena onse m'mundamo ankalima m'timabokosi ta matabwa, atavala magolovesi. Mayi ankavula nsapato pageti. Ankaunda mizere ngati kwawo, n'kudzala chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi, ndipo dothi lofiira louma lija analisandutsa lakuda ndi masamba a mitengo omwe ankatola m'misewu nthawi yoyoyoka masamba, n'kuwasenza m'matumba. Kumunda kokha n'komwe ndinkamva mayi akuseka mokweza. Kunyumba ankayankhula mawu awiri atatu. Kumunda ankandikambira za anthu omwe sindinawaonepo, wakuti anathawa ndi mkazi wa wakuti, wakuti anagwa m'chitsime ataledzera. Chichewa chomwe ndili nacho ndinachitola pakati pa mizere imeneyo.

Chaka chachisanu ndi chimodzi munda unabereka mochititsa mantha. Maungu anakwera waya n'kumalendewera kunja. Chibwabwa chinadzaza firiji, china mayi anafutsa n'kuyanika pansalu kuseri kwa nyumba. Chimanga chachiwisi anagawira mpingo wonse. Tikanadziwa, bwenzi titabisa.

M'nyengo yozizira yotsatira, kuntchito kwa amalume kunabwera kazembe watsopano. Madalaivala ena anachotsedwa. Chilolezo cha amalume chokhala m'dziko muno chinali chomangirira ku ntchitoyo, ndiye ntchito ikatha, zonse zatha. Anasiya kuseka. Ankakhala patebulo lodyera ndi Baibulo, akutsegula uku ndi uku ngati munthu wofunafuna pomwe padontha denga. Anali mkulu wa kampingo ka Amalawi ndi Azambia komwe kankakumana pabalaza pawo Lamulungu masana, ndipo ankakhulupirira kuti tsoka silibwera popanda chifukwa.

Chifukwacho anachipeza mu Malichi, tsiku lomwe mayi anatulutsa botolo la mbewu n'kuyamba kusankha pathireyi.

"Chemwali, munda uja mwalima zaka zingati?"

"Chino n'chachisanu ndi chiwiri, achimwene."

Anamenya tebulo ndi chikhatho ngati apha udzudzu. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera. Aisraele akale, ankatero, ankalima minda yawo zaka zisanu ndi chimodzi, koma chachisanu ndi chiwiri nthaka inkapuma. Osafesa, osalima, osadulira mphesa. Zomera zokha ankadya eni munda, antchito, osauka, alendo, mpaka nyama zakutchire. Nthaka si ya munthu, ndi ya Mulungu, munthu ndi mlendo chabe pamenepo. Ndipo Aisraele atasiya kusunga lamuloli anachotsedwa m'dziko lawo n'kutengedwa ukapolo, kuti nthaka ipume mokakamiza.

"Mukufuna atichotse m'dziko muno? Zokolola za chaka chatha mumayesa ndi masamba anu aja? Mulungu anapereka zochuluka dala, kuti chaka chino tigoneke munda."

Mayi anayankha motsitsa mawu kuti malamulo a mundawo amati ukasiya tchire a komiti amakulanda.

"Komiti ndi Mulungu, wamkulu ndani?"

Anatsikira kubesimenti, n'kutenga khasu kuseri kwa chitseko, n'kukalitsekera m'buti ya galimoto yawo. Mayi sanalire. Anangopempha kuti awabwereke Baibulolo awerenge okha. Masiku angapo ankati akamaliza ntchito ankakhala pabedi, chala pamzere, milomo ikugwedera, osathamanga. Ankawerenga patsogolo, n'kubwerera m'mbuyo. Kenako m'mawa wina akuthira tiyi anati, "Chabwino achimwene. Tisunga lamulolo. Lonse." Amalume anati ameni. Mawu omalizawo ine sindinawalabadire, ndipo iwonso sanawalabadire.

Lero ndimagwira ntchito kukampani yotchetcha kapinga ndi kudzala maluwa m'nyumba za anthu. Sukulu ndinasiyira panjira, koma dothi ndimalidziwa. Kugoneka munda si uchitsiru. Nthaka imatopadi. Koma Aisraele aja linali dziko lonse likupuma pamodzi, ali ndi nkhokwe zawo, minda ya makolo awo yomwe palibe komiti ikanawalanda. Amalume anatenga lamulo la mtundu wathunthu n'kuligwetsa pamutu pa mkazi mmodzi yemwe anali ndi kadothi kobwereka ku Maryland. Ndipo m'mundamo iwo anali asanalimemo ngakhale phando limodzi. Nsembe ya mnzako siwawa kupereka, ndinaona ndi maso anga.

Mu Epulo anthu anayamba kutipula timinda tawo. Paliponse fungo la dothi lonyowa ndi manyowa a m'matumba. Kathu kanangokhala. Mizere ya chaka chatha inayamba kumera ndevu zobiriwira. Kunatuluka udzu, chisoso, bonongwe wambirimbiri, ndi maungu angapo omera okha kuchokera ku nthanga zomwe zinatsalira. Mayi ankapitabe tsiku lililonse. Ankagadabuza ndowa n'kukhalapo, manja atawapana pakati pa mawondo. Bonongwe ankathyola, poti zomera zokha zinali zololedwa. Tsiku lina ndinawaona akuwerama kuti azule udzu womwe unapana kadzungu. Dzanja linafika pa udzuwo, linaugwira, kenako linausiya. Anabwerera pandowa paja akupukuta chikhathocho pachitenje ngati chapsa.

Wapampando wa komiti ya mundawo anali aphunzitsi anga a sayansi. Anali mayi wamtali, wakuda, wobadwira konkuno, wokonda chipewa chachikulu cha udzu. Mayi anga Chingerezi ankamva pang'ono koma kuyankha ayi, ndiye zonse za kumunda zinkadzera mwa ine. Tsiku lina aphunzitsi anandiuza kuti nditsalire anzanga akamatuluka. Anandifunsa ngati mayi akudwala. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati tasowa mbewu. Ndinati ayi. Kenako ndinayenera kuima pamenepo, pafupi ndi chithunzi cha mafupa a munthu, n'kufotokoza kuti sitikulima chifukwa cha lamulo la Aisraele. Makutu ankandiwotcha. Ndinkadikira kuti aseke.

Sanaseke. Anati kupumitsa nthaka n'kwabwino, ndipo lamulolo amalidziwa, nawonso amapemphera. Anati vuto ndi njere za tchire zomwe zimauluka kukagwera m'minda ya ena. Anapereka njira ziwiri: mayi afese kaudzu kena kobwezeretsa chonde, kapena aphimbe munda wonse ndi makatoni ndi udzu wouma mpaka chaka chamawa. Akatero komiti siidzanena kanthu.

Ndinathamanga mpaka kunyumba chikwama chikundimenya kumsana. Ndinkayesa kuti ndapulumutsa munda. Amalume anamvetsera akumasula tayi. Anati kufesa n'kufesa, kaya ndi udzu kaya ndi chimanga. Kuphimba ndi makatoni n'kubisira osauka ndi nyama chakudya chawo.

"Osauka ake ati? Ku Lanham kuno?" Ndinafunsa m'Chingerezi, mokweza.

"Mwana iwe, za Mulungu sitiyankhana m'chizungu m'nyumba muno."

Ndinayang'ana mayi kuti anenepo kanthu. Ankasenda anyezi. Sanatukule mutu.

Mu Juni pachikhomo cha munda wathu panamangidwa kansalu kachikasu. Aliyense m'mundamo ankadziwa tanthauzo lake: chenjezo la komiti. Anthu omwe kale ankapempha mayi kuti awaonetse kaundidwe ka mizere anayamba kudutsa akuyang'ana kumbali. Woyandikana nafe anali bambo wina wokalamba, mzungu, yemwe ankalima tomato ndi nyemba m'mizere yowongoka ngati yoyeza ndi chingwe. Ankati akazula bonongwe m'munda mwake, ankamuponyera kwathu dala, mizu ili m'mwamba.

Kutentha kwa Julayi kuno sikufanana ndi kwina. Mpweya umamata pakhungu. Bonongwe anatalika kundiposa, n'kuchita ngala zodzaza njere. Chisoso chinkatimata m'masokosi. Ukalowa mkati munkanunkha chinyezi ndi masamba owola, tizilombo tikulira mosalekeza mpaka mutu kuwawa. Ndipo m'mwezi umenewo amalume analengeza mumpingo kuti munda wa banja lawo, anatero, wa banja lawo, ndi wotsegukira osauka ndi alendo monga mwa Malemba.

Loweruka lotsatira kunabwera amayi a mumpingo ndi majumbo. Ambiri anali anamwino, magalimoto awo abwino kuposa ya amalume.

"Osauka a Mulungu tafika! Titsegulireni!"

"Nanga si ndife alendo m'dziko muno? Lembalo likunena ife!"

Panali mayi wina wa ku Zambia, wonenepa, wa mawu aakulu, yemwe ankasamalira okalamba ku Manassas. Analowa m'tchiremo mpaka kungotsala duku, akuloza bonongwe n'kumakuwa kuti, "Imwe, bondwe yonse iyi ni yamahala, osalipila? Nizabwela na thilaki!" Ndikukumbuka kuti iye ndi mayi anakhalitsa pakati pa bonongwe wamtali uja, atanjuta, akuyankhula motsitsa. Ndinkayesa akukamba za ndiwo. Amayiwo anathyola, anaseka, anaimba, ndipo pochoka wina anasiya geti losatseka.

M'mawa mwake agwape anali atalowa. Anadya nyemba za bambo wokalamba uja mpaka kutsala timitengo, tomato anamudula mitu yonse. Tinapeza bamboyo ataima pakati pa munda wake, nkhope ili psu. Anakalipira mayi, chala chili pafupi ndi mphuno yawo, ndipo ine ndinaima pakati ndikumasulira. Mawu ena sindinkawadziwa m'Chichewa. Ena ndinkawadziwa koma sindinawanene. Mayi ankangoti pepani, pepani, manja ataphatikiza. Titawauza amalume madzulo, anati nyama zakutchire nazo zili ndi gawo lake m'chaka chopuma, zinalembedwa. Anaoneka okondwa, ngati agwapewo anatumidwa kudzawachitira umboni.

Kansalu kachikasu kanasinthidwa ndi kofiira. Aphunzitsi anabwera okha kudzatipeza pandowa paja. Anavula chipewa. Anati ayesetsa kutiikira kumbuyo koma komiti yatopa. Loweruka likubweralo linali tsiku loti onse ayeretse mundawo. Akadzapeza kathu kali koyera, kakhalabe kathu. Akadzapeza tchire, adzatchetcha okha n'kupereka malowo kwa ena. Anandiuza kuti ndimasulire bwinobwino, osasiya kanthu. Ndinamasulira.

"Uwauze kuti ndamva," anatero mayi.

"Basi?"

"Basi."

Aphunzitsi anadikira pang'ono, akuyang'ana mayi, kenako ine. Anafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino. Ndinkayesa akufunsa za chakudya.

Mlungu umenewo m'nyumba munali zii. Akazi awo a amalume, omwe ankagwira ntchito kuchipatala ndipo nkhani ya mundayi sankailowerera, anayamba kutsekera chitseko akangofika. Amalume ankati akabwera kuntchito ankayang'ana m'zikhadabo za mayi pomwe akuwapatsa madzi osamba m'manja. Ndinawaona. Ankafufuza dothi.

Lachisanu masana ndinalephera kupirira. Ndinapita ndekha kumunda, ndinatsegula kanyumba kosungiramo zida za onse, n'kutenga khasu lachizungu la mpini wautali, lopepuka, lopanda ntchito. Ndinayamba kutema bonongwe wa m'mphepete. Ndinkatema ndikutukwana amalume, Aisraele, agwape, komiti. Sindinamve mayi akubwera. Ndinangomva dzanja langa litagwidwa pamkono, mwamphamvu, mpaka khasu linagwa.

"Siya."

"Atilanda mawa!"

"Ndikudziwa."

"Amalume sabwera kuno! Sadziwa!"

"Adziwa. Ndipo akadziwa adzati lamulo tinaphwanya ndife. Asapeze ponenera, wamva? Ngakhale kaudzu kamodzi."

Maso awo anali ouma. Zala zawo zinandisiyira zipsera zomwe zinakhala masiku. Anatola bonongwe yemwe ndinatema uja n'kumuika m'jumbo kuti aoneke ngati ndiwo, n'kufafaniza ndi phazi pomwe khasu linakanda dothi. Ndinawauza m'Chingerezi kuti ndi amantha, kuti amalume akadzawauza kuti adye dothi adzadya. Mawuwo mwina sanawamve onse, koma nkhope yanga anaiwerenga. Anangoti, "Tiye, ana aja adzuka."

Loweruka a komiti anabwera ndi makina otchetchera. Phokoso lake ndi lomwe ndimagwira nalo ntchito lero, tsiku ndi tsiku, ndipo sindinalizolowere. Bonongwe ankagwa, fungo lake lobiriwira likulowa mpaka kukhosi. Makinawo anagunda dzungu lomwe linabisala mu udzu, linaphulika, nthanga zinamwazika mpaka pawaya. Kenako anabweretsa ena otipula, n'kusalaza mizere. Dothi lakuda lija, la masamba omwe mayi anasenza pamutu anthu a m'magalimoto akuwayang'ana, linatembenuzika poyera, lofewa, lodzaza nyongolotsi. Mnyamata wina ndi mkazi wake, mwana ali m'kangolo, ndiwo anapatsidwa malowo. Mkaziyo anatapa dothilo m'manja n'kuuza mwamuna wake kuti achita mwayi.

Mayi anaonerera zonsezo ali kunja kwa waya, zala atakola m'mabowo. Aphunzitsi anabwera ndi kadzungu kamodzi komwe kanapulumuka, n'kuwapatsa. Mayi anamasula kiyi wa pageti yemwe ankamumanga pamfundo ya chitenje, n'kumupereka ndi manja awiri. Popita kunyumba ndinayenda kutsogolo kwawo, patali, kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi.

M'mlungu womwewo amalume anauzidwa kuntchito kuti sachotsedwa. Ndiye Lamulungu pabalaza panadzaza. Anavala suti. Anaima ndi Baibulo kuchitira umboni kuti nyumba yawo yasunga chaka chopuma, kuti mlongo wawo wataya munda koma lamulo silinaphwanyidwe, ndipo taonani Mulungu wayankha. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinakhala pamasitepe otsikira kubesimenti ndikuluma mlomo.

Nthawi ya mapemphero mayi ankakhala kukhitchini akukonza tiyi ndi mandasi. Tsiku limenelo anatuluka opanda thireyi. Anadutsa pakati pa mipando, n'kugwada patsogolo pa amalume monga ankachitira powapatsa madzi.

"Achimwene, ndifunse pamaso pa mpingo. Lamulo lija ndasunga?"

"Mwasunga, chemwali."

"Sindinafese? Sindinalime?"

"Ayi ndithu. Mulungu akudalitseni."

"Ndiye tsegulani patsogolo, pomwe ndapinda tsamba. Muwawerengere anthuwa."

Amalume anatsegula akumwetulira. Anayamba ndi mawu awo a paguwa, okweza, okoka. Pamenepo pankanena za m'bale wako amene wakugwirira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, kuti chaka chachisanu ndi chiwiri umumasule apite, ndipo usamuchotse chimanjamanja. Mawu a amalume anayamba kuchepa mzere ndi mzere, mpaka kumapeto ankangong'ung'udza.

"Belengani futi, abusa," anatero mayi wa ku Zambia uja. "Kuno kumbuyo sitinamvele bwino."

Amalume anatseka bukulo. Anati pamenepo akunena za akapolo, ndipo m'nyumba mwawo mulibe kapolo, muli mlongo wawo.

"Palembedwa kuti m'bale wako," anatero mayi, akadali chigwadire. "Nthaka yapuma, achimwene. Munati tisunge lonse. Ndikupempha mapasipoti athu ndi khasu langa."

Amalume anayang'ana amuna anzawo mmodzimmodzi, ndipo aliyense anali atapeza chochita ndi nsapato zake. Anali atangodzitama kumene pamaso pa anthu omwewo kuti iwo saphwanya lemba. Anakwera kuchipinda. Tinamva kabati ikutsegulidwa mwaukali. Anatsika n'kuponya mapasipoti patebulo, osati m'manja mwa mayi. Kenako anatuluka panja, ndipo tonse tinawatsatira mpaka pakhomo. Anatsegula buti, anatulutsa khasu, n'kuyamba kumenyetsa mutu wa mpini pa simenti ya m'mphepete mwa msewu. Anamenya, anamenya, thukuta likudontha pa tayi, aneba akusuzumira m'mazenera, mpaka chitsulo chinaguluka n'kugwa chikulira.

"Mpini ndinasema ndine," anatero.

Mayi anatola chitsulocho, n'kupukuta fumbi, n'kunena kuti zikomo achimwene. Zovala zathu zinali kale m'matumba awiri akuda kuseri kwa makina ochapira. Ine sindinkadziwa. Mayi wa ku Zambia anali ataimika galimoto yake moyang'ana kumsewu.

Wina asaganize kuti nkhaniyi inatha bwino. Ku Manassas tinakhala m'chipinda chimodzi cha mayi wa ku Zambia uja mpaka mayi atapeza ntchito yosamalira okalamba, ntchito yomwe yawathyola msana. Mapepala athu anali atatha kale mphamvu m'kabati muja, ndipo zimenezo zatitsata mpaka lero. Ndinasintha sukulu, sindinagwirizane ndi aliyense, ndinayamba kujomba, kenako ndinangosiya. Aphunzitsi aja sindinawaonenso. Munda wina mayi sanaupezenso. Amadzala bonongwe m'ndowa pakhonde, amatipula ndi supuni. Chitsulo anandipatsa ine, ati ndikadzapeza malo ndidzapeze mpini. Amalume akadali mkulu wa mpingo. Ndinamva kuti amalalikirabe za chaka chija, koma amalekezera pa ntchito yawo yomwe inapulumuka. Masiku ena ndimaonabe kuti mayi analipira mtengo wopitirira, kuti panali njira ina, kuti akanangowauza aphunzitsi zoona tsiku lomwe anafunsa za kunyumba. Ndikawauza zimenezo amandiyankha kuti ndimayankhula ngati munthu wokulira kuno.

Koma za m'galimoto muja ndimazikumbuka kuposa zonse. Dzuwa linali likadalipo, msewu waukulu utadzaza. Ndinakhala kumbuyo, chitsulo chili pamiyendo panga, chikutentha chifukwa chokhalitsa m'buti, kadzungu kaja kakugubuduzika pansi pa mpando. Ndinkalirira munda. Ndinkawerengera kuti amalume atsala ndi nyumba, ntchito ndi mpini, ife tatsala ndi matumba awiri akuda, ndiye wapambana ndani. Ndinatsimikiza mumtima kuti mayi sindiwayankhula mpaka tikafike. Tisanawoloke n'komwe mtsinje wa panjira ya ku Manassas ndinawasuzumira kuti ndione ngati akulira nawonso. Anali atagona. Mutu unatsamira pagalasi, kukamwa kuli yasa, manja ali pamiyendo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, mulibe kanthu. Chibadwire ndinali ndisanawaonepo mayi atagona dzuwa lili kunja. Ndinakwiya kwambiri. Ndinkayesa kuti munda uja sunawapweteke.